Khadi Limene Silinatengedwe

Malemu amene atisonkhanitsa pano, Mayi Maness Kampanje, aNambewe kwa ife akwawo, Madamu a Sitandade Wani kwa ana a Nsungwi yonse, anabadwa pa 9 Meyi 1957 m'mudzi mwa Katsache m'boma la Dowa. Anali oyamba kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi la Bambo ndi Mayi Mbewe, amene onse anatsogola kale. Ine amene ndapatsidwa pepalali ndine Yona Mbewe, mlongo wawo wotsiriza.

Abusa, akulu a mpingo, mafumu a m'dera lino, aphunzitsi, amayi a Chigwirizano, abale athu achisilamu amene mwakhala cha kumpanda uko, ndi anamalira nonse, ndikupempha kuti mundipirire. Mbiriyi yatalikirapo kuposa zimene tinazolowera, chifukwa muli nkhani ina imene malemu analamula kuti inenedwe pamaso panu. Nkhaniyo ikukhudza munthu wamoyo amene wakhala pakati pathu pompano. Munthuyo wasenza mlandu wosakhala wake kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo lero tiyenera kumutula.

Malemu anayamba sukulu m'chaka cha 1965 ku mishoni ya kufupi ndi kwathu. Chimene ankaphunzira m'mawa, madzulo ankabwera nacho kwa ife ana anzawo a m'nyumba, kaya tikufuna kaya sitikufuna. Bolodi lawo linali chipupa cha khitchini, choko chawo makala, ndipo amayi athu anatopa n'kuzira chipupacho. Ine ndinaphunzira a e i o u khutu langa lili m'dzanja lawo. Mukaona kuti lakumanzereli latalikirapo, musandifunse chifukwa chake. Anakhoza mayeso a Sitandade 8 mu 1973, a JC mu 1975, ndipo kuyambira 1977 mpaka 1979 anachita maphunziro a uphunzitsi ku koleji ya Lilongwe.

Ntchito anayambira ku Ntchisi mu 1979. Mphunzitsi wamkulu wa kumeneko anawapatsa Sitandade 1 poona kuti mtsikana wongochoka kumene ku koleji sangakane. Sanadziwe kuti wawapatsa kalasi ya moyo wawo wonse. Kangapo konse akuluakulu anafuna kuwasunthira ku makalasi apamwamba, iwo n'kukanitsitsa. Ankati mwana wa Sitandade 8 akhoza kudziwerengera yekha mphunzitsi atadwala, koma wa Sitandade 1 ukamusiya ndiye kuti wamusiyiratu.

Pa 15 Ogasiti 1981 anamanga banja ndi Bambo Gilford Kampanje a ku Kasiya, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu. Mu 1988 Bambo Kampanje atapeza ntchito ku kampani ya fodya ku Kanengo, banja linasamukira kuno ku Area 25, ndipo malemu anatumizidwa ku sukulu ya pulayimale ya Chamthunzi. Anaphunzitsa pamenepo zaka makumi awiri, kalasi yake yomweyo.

Ambiri mwa inu munadutsa m'manja mwawo, choncho mukukumbukira mmene ankaphunzitsira. Mwana asanagwire pensulo ankayamba walemba m'malere ndi chala, kalasi yonse mikono m'mwamba. Akachoka apo ankatuluka panja kukalemba pamchenga. Kenako ana ankakhala awiriawiri, wina n'kumalemba chilembo pamsana pa mnzake, winayo n'kumatchula chimene wamva. Kope linkabwera pomalizira, chifukwa ankati mwana akalakwitsa pamchenga amangofufuta ndi phazi n'kuseka, koma akalakwitsa papepala amalira. Chilembo chilichonse anachipatsa khalidwe lake. O anali pakamwa pa mwana wodabwa. U anali kapu yodikira tiyi. I anali bambo woonda amene chipewa chamuulukira. B ndi d, amene amazunguza ana kwambiri, anawasiyanitsa motere: b wakhuta, mimba ili kutsogolo, pamene d wabereka mwana kumbuyo. Zikatha izi ankalowa maphatikizo, ma me mi mo mu, ya ye yi yo yu, mpaka tsiku limene mwana ankalumikiza yekha ma ndi yi, n'kudzidzimuka kuti pa bolodi palembedwa mayi. Malemu ankati nkhope ya mwana pa mphindi imeneyo ndi imene inkawadzutsa m'mawa.

Mu 1994 sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, ana anakhamukira ku Chamthunzi monga anachitira kulikonse. Kalasi imene inali ya ana makumi asanu ndi limodzi inayandikira mazana awiri, ena pansi pa simenti, ena pansi pa mtengo. Malemu sanasinthe kaphunzitsidwe kawo, anangokweza mawu. Koma panali ntchito imodzi imene inakula kuposa munthu, ndiyo kuitana kaundula. Mphunzitsi amatchula dzina, mwana amayankha kuti pulezenti, mphunzitsi amachonga. Amene sanabwere amamulembera kachizindikiro kozungulira, kofanana ndi o. Tsono tangoganizani mayina 187, ndi ana a zaka zisanu ndi chimodzi amene liwu loti pulezentilo sadziwa n'komwe tanthauzo lake. Kwa iwo inali nyimbo chabe. Dzina likatchulidwa n'kukhala kachete, pankapezeka wina wofuna kuwathandiza Madamu, n'kuyankha, mphunzitsi maso ali m'buku kuopa kulumpha mzere. Aphunzitsi muli panonu mukudziwa kuti sindikunama.

Mu Januwale 2001 m'kalasi mwawo munalowa kamtsikana kotchedwa Asiyatu, mwana wa Bambo Yasir Harun, telala wa pakhonde ku msika wa Nsungwi, ndi Mayi Saida. Banjali limakhala kutsidya kwa kamtsinje kamene kali kumunsi kwa sukulu. M'chilimwe kamtsinjeko ngakhale nkhuku imawoloka, koma mvula ikagwa kumtunda kamadzaza mwadzidzidzi, ndipo nthawi imeneyo panalibe mlatho, anthu ankaponda pa miyala. Asiyatu anali ndi mkulu wake, Hafsah, wa zaka khumi ndi chimodzi, wa Sitandade 4. M'mawa Hafsah ankalawirira kukasesa pasukulu ndi anzake a makalasi akuluakulu, ndipo Asiyatu ankabwera pambuyo ndi ana a nyumba zoyandikana. Koma a Sitandade 1 akamaweruka, cha m'ma hafu teni, inali ntchito ya Hafsah kutuluka pa buleki, kukamutenga mng'ono wakeyo ndi kumuwolotsa.

Chaka chilichonse, pakati pa teremu yoyamba, malemu ankagawa makhadi a mayina. Ankapempha makatoni a sopo m'magolosale, n'kuwadula, n'kulembapo dzina la mwana aliyense ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumangirira chingwe choti mwanayo avale m'khosi. Ana ankaliwerengera masiku tsiku limenelo. Asiyatu ndiye anawatopetsa. A wa dzina lake anali atamudziwa kale, ankamuloza pa zikwangwani za minibasi ndi pa matumba a ufa, ndipo anabweretsa yekha kaulusi kofiira kochokera pa mashini a bambo ake kuti khadi lake likhale losiyana ndi la anzake. Sabata yonse ankawakoka chitenje kufunsa kuti, "Madamu, langa mwamaliza?" Iwo anamuuza kuti Lachiwiri asajombe.

Lachiwiri lake, pa 13 Febuluwale 2001, mvula inayamba m'mawa kwambiri n'kudzakata cha m'ma seveni. Ana a pansi pa mtengo anawalowetsa m'chipinda chimodzi ndi anzawo, mwakuti munalibe poponda. Malemu anatsegula kaundula. Atafika pa Asiyatu Harun, liwu la mwana linayankha kuchokera kumbuyo kuti pulezenti, ndipo iwo anachonga osadzutsa mutu. Kenako anayala makhadi pachitenje, ana n'kumabwera mzere ndi mzere kudzapeza mayina awo. Makhadi otsala, a ana amene sanabwere chifukwa cha mvula, anawakulunga m'chitenje chomwecho n'kuika m'chikwama. Belu litalira anaima pakhomo, ndipo palibe mwana amene anatuluka wopanda khadi m'khosi.

Tsiku limenelo kalasi ya Hafsah inali kulemba mayeso, ndipo mphunzitsi sanawatulutse pa buleki. Hafsah anafika ku Sitandade 1 nthawi itapitirira leveni, n'kupeza muli zii. Anathamangira kunyumba, koma Asiyatu kunalibe. Masana Mayi Saida anafika pasukulu opanda nsapato, akupuma movutika. Malemu anatsegula kaundula, n'kuwalozera ndi chala pamene anachonga, n'kuwauza kuti mwanayo anabwera ndipo waweruka ndi anzake. Mawu omwewo anawauza aphunzitsi aakulu, ndipo madzulo anawabwereza kwa apolisi. Ana atafunsidwa, ena anati anamuona, ena anati ayi, ena anangolira. Asiyatu anapezeka Lachinayi m'mabango, kutali kumunsi, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo.

Aliyense anawerengera chimodzimodzi. Ngati mwana anafika kusukulu, ndiye kuti madzi anamutenga pobwerera, ndipo anawoloka yekha chifukwa mkulu wake sanabwere kudzamutenga. Mlandu wonse unagwera Hafsah. Bambo ake anamudzudzula pamaso pa anthu pa maliro pomwepo, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanamutchulenso dzina, ankangoti uyu. Pampopi amayi ankatsinana akamuona. Kusukulu ana anamupatsa dzina loti Wotaya Mwana. Mwezi wa Malichi usanathe anasiya sukulu.

Koma pali chimene malemu ankachidziwa okha. Lachiwiri lomwelo, atabwerako kupolisi dzuwa lisanalowe, anakhala pakhonde n'kumasula chitenje chija. M'munsi mwa tsamba la kaundula anali atalemba ndi dzanja lawo kuti ojomba alipo 22. Makhadi otsala anali 23. Anabwerezanso, anali 23 ndithu. Atayamba kuwatembenuza limodzilimodzi, anaona kaulusi kofiira. Bambo Kampanje akukumbukira kuti anawapeza pakhonde pomwepo, makhadi ali mbwee pansi, ndipo atawafunsa anangoti mutu ukuwawa.

Ndinene momveka kuti wina asachoke pano asanamve. Asiyatu akanafika m'kalasi, akanakhala woyamba kutola khadi lake, ndipo sakanadutsa pakhomo wopanda khadi m'khosi. Mwanayo sanafike kusukulu. Madzi anamutenga m'mawa, popita, pamene kamtsinje kanali kangodzaza kumene. Amene anayankha pulezenti anali mwana wina. Pa nthawi imene Hafsah ankayenera kukamutenga, mng'ono wake anali atapita kale maola atatu apitawo.

Malemu anati akanena mawa. Mawa lake anthu onse anali kumtsinje kusaka, ndipo anati si nthawi yake. Lachinayi kunali maliro. Sabata yotsatira anakumbukira kuti anasainira chikalata kupolisi, ndipo anachita mantha. Anaopa kuchotsedwa ntchito, anaopa kutchedwa wabodza, anaopa maso a Mayi Saida. Tsiku lililonse limene linkadutsa, pakamwa pankanka napalemera. Ine sindinaime pano kuti ndiwayeretse achemwali anga. Analakwa, ndipo liwu limeneli silanga, analilemba okha.

Kuyambira pamenepo mtendere unawachokera. Dzina la Asiyatu linali litadulidwa m'kaundula, koma akafika pa mzere umenewo ankamva liwu lija kumbuyo kwa kalasi likuyankha pulezenti. Ankadzutsa mutu, ana onse ali chete akuwayang'ana. Kenako liwulo linayamba kuwatsatira. Ankalimva m'tchalitchi mlembi akamaitana mayina a mphakati, ankalimva mu minibasi, ankalimva akuchapa kuseri kwa nyumba dzuwa likuswa mtengo. Anawauza Bambo Kampanje kuti pali mwana amene amawayankha iwo asanaitane, koma chifukwa chake sananene. Bambo anawatengera kuchipatala, ndipo kumeneko anawapeza ndi BP. Ana a chaka chimenecho malemu ankawayang'anitsitsa kumaso chaka ndi chaka akukula, kufuna kudziwa amene anayankha, koma sanamupeze. Chimene chinkawaopsa koposa chinali china. Nthawi zina ankaganiza kuti mwina liwulo linali la Asiyatu mwini wake, kuti mwanayo anafikadi pakhomo la kalasi m'njira imene ife sitiidziwa, kudzatenga khadi limene anamulonjeza.

Teremu yachiwiri ya 2001 itayamba, anasiyiratu kuitana kaundula. M'mawa uliwonse ana ankandanda m'mbali mwa chipupa, aliyense n'kulemba dzina lake pamchenga. Wosatha dzina lonse ankalemba chilembo choyamba, ndipo wosatha ngakhale chimenecho ankamugwira dzanja. Iwo ankayenda chowerama, kuwerenga dzina, kumugwira mwanayo pamutu, ndipo pokhapo ndi pamene ankachonga. Ankati dzina la munthu sangakulembere ndi mnzako. Ntchitoyi inkadya nthawi, ndipo poyamba aphunzitsi aakulu anadandaula. Koma zinaoneka kuti ana a Mayi Kampanje ankalemba msanga kuposa a makalasi ena, chifukwa zilembo zoyamba zimene mwana ankalimbana nazo zinali zakezake, ndipo akamaliza dzina lake ankayamba kusuzumira la mnzake. Mwana wotchedwa Yona ngati ine ankapeza kuti o wake alinso mwa Sofiya, Sofiya n'kupeza kuti f wake ndi amene wayambitsa Fatu, basi kuwerenga kwayambika. Alangizi a maphunziro anayamba kubweretsa aphunzitsi a ku Chilinde ndi ku Kawale kudzaonerera. Akamawayamikira, malemu ankangozolika. Mu 2006 anakana kukalandira satifiketi ya ulemu imene anawakonzera, ndipo ife tinkati ndi kudzichepetsa.

Mu 2003 Hafsah anayamba kugulitsa zitumbuwa pageti pa sukulu yomweyo. Malemu ankagula tsiku lililonse, mpaka ana m'nyumba muno anafika podana ndi fungo la nthochi. Tinkawaseka kuti akufuna kutsegula golosale. Sitinkadziwa kuti tsiku lililonse ankaima pamaso pa mtsikanayo atatsimikiza kuti lero anena, n'kutsegula pakamwa, n'kufunsa mtengo umene ankaudziwa kale. Anayesa kumunyengerera kuti abwerere m'kalasi, koma iye anangoyankha kuti, "Madamu, m'menemo ndingakhale pati? Aliyense amandidziwa." Mu 2005 Bambo Yasir anamwalira asanamve zoona, ndiponso asanamutchule mwana wawo dzina. Chimenecho palibe angachikonze, ndipo chikutipweteka.

Lolemba pa 6 Okutobala 2008, ali chowerama kuwerenga mayina pamchenga, malemu anagwa. Anagonekedwa ku chipatala chachikulu masabata atatu, ndipo madokotala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali yonse ya kumanja itafa, kulankhula kutatha. Mwana wawo Jacqueline, amenenso ndi mphunzitsi, atawatsegulira Baibulo kuti mwina aziwerenga, anangoliyang'ana ngati munthu woyang'ana nyerere. Zilembo nazonso zinali zitawathawa. Munthu amene anaphunzitsa ana zikwi kuwerenga sanathenso kuzindikira a. Tsiku lonse ankaloza ndi dzanja lamanzere cha kumunsi, misozi ili chuchuchu, ndipo ife tinkati asowa ana awo a sukulu. Anali atadikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti anene mawa, ndipo tsopano analibe ponenera.

Jacqueline ndiye anathira mchenga m'lichero n'kuwaikira pamiyendo. Anayamba nawo monga mwana wa Sitandade 1, ndi dzanja lamanzere limene linali lisanagwirepo choko. Analemba m'malere. Analemba m'lichero. Jacqueline ankawalemba pamsana, iwo n'kumaloza chilembocho pa tchati chimene anajambula okha kalekale. O yekha anawatengera masabata atatu kuti atseke pakamwa. Tsiku lina atasokoneza b ndi d, Jacqueline anati, "Amayi, b wakhuta," ndipo anaseka ndi theka la pakamwa. Ndi kuseka kokhako kumene tinamva m'miyezi isanu ndi inayi. Koma anali mwana wa sukulu wovuta. Tikati alembe dzina lawo ankakankha lichero. Ankafuna a, ankafuna s, ankafuna y, ndipo s ankangowatulukira chotembenuka, iwo n'kumafufuta mpaka thukuta kamukamu. Tikawauza kuti apume ankatiyang'ana ndi diso lija munkaliopa m'kalasi.

Pa 20 Meyi chaka chino analoza kope ndi pensulo. Anayamba m'mawa, anamaliza masana, ndipo anali mawu awiri okha: Asiyatu sanafike. M'masabata otsatira anawonjezera mizere ina, umodzi pa masiku angapo. Khadi lili mu nyimbo. Tinatsegula buku lawo la nyimbo n'kulipeza kuchikuto, ndi kaulusi kake kofiira. Hafsah alibe mlandu. Ndinaopa. Ndinalakwa. Kaitaneni Saida. Zina zonse zimene ndakuwerengeranizi zinatuluka m'mafunso amene Jacqueline ndi bambo ake ankawafunsa, iwo n'kumavomera kapena kukana ndi mutu.

Apa ndiyenera kudziulula ndekha. Tinakhala pansi monga banja, ndipo ine ndi amene ndinati tidikire kaye apezeko bwino kuti akanene ndi pakamwa pawo. Zoona zake n'zakuti ndinachita manyazi. Ndinaopa kuti dzina la achemwali anga lidetsedwa iwo ali gone pamphasa. Nanenso ndinati mawa. Chitseko chikalira iwo ankatembenuka kuona ngati ndi Mayi Saida, n'kupeza ndi ife tomwe. Lamulungu lapitali analemba mzere wotsiriza, wakuti mukanene pa maliro. Lachiwiri pa 14 Julayi 2009, cha m'ma 3 koloko masana, anatisiya ali ndi zaka 52, nkhope ataloza kukhomo.

Dzulo m'mawa ine, Bambo Kampanje ndi Jacqueline tinawoloka kamtsinje kaja, pa mlatho umene ulipo tsopano, titanyamula khadi ndi kope. Mayi Saida anatimvetsera mpaka kumapeto osatidula. Anatenga khadi lija m'manja mwawo. Kenako anati, "Tsiku limenelo ana a aneba sanapite. Iye analira kuti akatenge khadi lake, mvula itakata ine n'kumutsegulira chitseko. Ndine ndinamutsegulira. Madamu atandionetsa m'buku muja mtima wanga unagwira pomwepo, chifukwa zinali zopepuka kuti akhale Hafsah kusiyana ndi ine." Anamuitana mwana wawo, ndipo zimene analankhulana awiriwo ndi zawo, sindizibwereza pano. Ndingonena kuti Hafsah anatenga kope n'kuwerenga yekha, chala chili pansi pa zilembo, phatikizo ndi phatikizo, monga anamuphunzitsira Madamu omwewo mu 1998.

Tinawafunsa Mayi Saida ngati nkhaniyi ithere m'nyumba momwemo. Anakana. Anati, "Mwana wanga ananyozedwa pagulu, mukamuyeretse pagulu. Zokhululuka musandifunse lero, sindinafikepo. Koma kumaliro ndibwera, chifukwa mayi amene uja anaphunzitsa ana anga." Abweradi, ndi awo akhala apowo, ndipo ife a banja la Mbewe ndi la Kampanje tikuwagwadira.

Choncho imvani nonse, amene munali pa maliro a Asiyatu, amene munkatsinana pampopi, ndi inu amene munali ana nthawi imeneyo n'kumaimba dzina lija. A Hafsah Harun sanataye mwana. Alibe mlandu, ndipo sanakhalepo nawo. Aphunzitsi aakulu a ku Chamthunzi anafufuza m'makatoni n'kupeza kaundula wa 2001, chiswe chitadya m'mbali mokha. Lero m'mawa, pamaso pa mafumu, a Hafsah anatenga cholembera, n'kudula pamene malemu anachonga pa 13 Febuluwale, n'kulembapo o. Anamuyambira pamwamba, n'kuzungulira kumanzere, n'kumutseka bwinobwino.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Gilford Kampanje; ana atatu, Kings, Jacqueline ndi Chisankho; zidzukulu zinayi; ndi ife abale awo anayi amene tatsala. Asiyanso ana 164 a Sitandade 1, amene anayamba nawo chaka chatha n'kuwasiya panjira, ndipo ambiri mwa iwo ndi awo avala yunifolomu kutsogoloku.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, amayi a Chigwirizano amene ankasinthana kudzawasambitsa miyezi yonseyi, aphunzitsi anzawo, akampani ya Bambo Kampanje chifukwa cha galimoto, oyandikana nafe amene atsegula makomo awo kwa alendo, ndi adzukulu amene atikonzera nyumba yawo yotsiriza. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Aphunzitsi aakulu anapempha kuti dzina la malemu liitanidwe kotsiriza, monga zimakhalira m'kalasi. Tavomera, koma ndikupempha chinthu chimodzi, makamaka kwa inu ana. Ndikatchula dzinali, pasapezeke wowathandiza kuyankha.

Maness Kampanje.

Zikomo, ana inu, mwachita bwino. Achemwali, palibe wakuyankhirani, ndipo zimene munatituma tanena. Liwu lija likusiyeni tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere, ndipo wa Asiyatu nawonso uuse mumtendere.